Mbasela ya ku Kapata

Kabokosi kamakhala pambali pa chiwongolero,
galasi lake ngati chikhatho cha mwana.
Kamaona pomwe maso anga safika:
mchenga wosamuka usiku,
chitsa chomwe Luangwa wafundika dzana,
mwina msana wa mvuu.
Madzi akachepa kamalira.
Amatero, kuti kamalira.

Ine ndimamva injini.
Zaka khumi ndi zinayi ili kukhutu kwanga lamanzere
ngati mlamu wosatha nkhani.

Lachiwiri lija, mvula ya Febuluwale itangokata,
tinatsakamira pamchenga cha ku Nsefu,
alendo asanu ndi makamera awo.
Boti linaima ngati lagwidwa mwendo.
Mayi wina anagwa chagada,
chipewa chake n'kupitiriza ulendo chokha.
Bwana anati, Yelesani, sikanalire kodi?
Ndinati, bwana, kamalira ngati mwanapiye
wotsekeredwa m'chigayo.

Ndinakakulunga m'chitenje cha mkazi wanga,
basi ya mbandakucha, Mfuwe mpaka Chipata,
kali pamiyendo ngati mwana wopita naye kusikelo.

Ku Kapata, kuseri kwa ogulitsa kapenta,
kuli kantemba ka Tisaine Daka:
mawailesi otumbulidwa, mafoni akhungu,
utsi wa mtovu ukukwera mowongoka.
Anakalumikiza ku batire la galimoto, nadina batani.
Mnyamata wotchajitsa foni anatembenuka.
Telala wa tsidya lina anaimitsa phazi.
Ine ndinali kudikirabe kuti kayambe.

Anandiyang'ana.
Anayang'ananso kabokosi,
nachotsa chala pabatani pang'onopang'ono.

Nkabwino aka, anatero, akukweza mawu
ngati pakati pathu pali mtsinje.
Koma kalibe mphamvu yokankha hutala kokha.
Pafunika rileyi, mkhalapakati:
iko kanong'one, iyo ifuule.
Waya wachikasu apa, wakuda ku batire,
fyuzi pakati, kuti chikapsa chipse chotchipa.
Hutala anaichotsa panjinga yamoto
yomwe mwini wake wa ku Katete
sanabwerere chaka chatha.
Ataiyesa, nkhuku za m'khola la ogulitsa zinabalalikira m'kati momwemo,
ndipo ine ndinaimva
m'mano, m'nthiti, kenaka m'khutu.

Ndinawerenga makwacha. Sanawerengenso.
Anatola kababu kofiira m'chitini cha zomangira,
nakalumikiza pawaya womwewo.
Sindinapemphe kameneko, ndinatero.
Ndi mbasela, anati.
Mukakaike pomwe maso anu amagwera.

Pamtsinje tsopano mchenga sundibera.
Madzi akangochepa, paaa!
akakowa amanyamuka gombe lonse ngati nsalu youluka pachingwe,
mvuu zimafwenthera, ng'ona kuterereka,
tiyi wa alendo pamaondo.
Bwana akuti ikuthamangitsa mbalame zomwe anthu alipirira.
Ndaiveka sokosi kukamwa,
ndawonjezanso ina,
ndipo dzulo, popanda kuuza munthu,
ndinaona kababu kakuthwanima
hutala ndisanaimve.
Ndinakhotetsa boti. Palibe anadziwa.

Madzulo ndinapeza Enelesi pakhomo,
manja m'chiuno, thovu la sopo kuzigongono.
Ndakuitanani katatu muli pamsewupo, akutero,
kapena kanayi, sindinagwire bwino.
Izi ku Kapata alibe waya wake.
Ndinakokera mpando kufupi,
kumbali yomwe nyali imamuwalira pankhope,
ndipo ndinati, yambiranso,
ndikuyang'ana.