Mphindi Khumi ndi Zinayi M'fakitale ya Thonje

Lieselot anandipatsa timipira tiwiri tachikasu,
tofewa ngati mkati mwa buledi.
Amayi, tsekani makutu, anatero,
izi sizimvedwa ndi makutu.
Ine Godelieve, zaka makumi atatu
ndikuchapa nsalu za chipatala muno mu Gent,
ndinaseka: nanga ndapalasira chiyani njinga mumvula yonseyi?

Fakitale yakale, m'mbali mwa ngalande.
Bambo anga anasiya zala ziwiri muno.
Makina anachoka kalekale, patsala mizati yachitsulo
ndi fungo la majekete onyowa.
Anthu avala zakuda ngati pamaliro
koma akugawana tchipisi m'pepala limodzi.

Magetsi anazima. Mdima bii.

Gitala imodzi, nsambo imodzi,
dontho,
dontho,
ngati mpopi uja Wannes analonjeza kukonza
chaka chimene anayamba kutsokomola.
Mphindi zitatu. Zinayi. Ndinasuzumira wotchi.
Mnyamata wandevu pambali panga wangotsinzina,
akuyendayenda ndi mutu wokha
ngati sitima yomangidwa padoko.
Ndinati mumtima, kodi ayamba liti?
Osadziwa kuti anayamba kale,
kuti kudikirako ndiyo nyimboyo.

Kenako mwana wanga anaponda kabokosi ndi nsapato
ndipo denga linatsika.

Sindinamve phokoso, ayi. Ndinamva nthiti zanga.
Mabatani a jasi ananjenjemera,
mowa m'kapu unachita makwinya.
Ferre, wa ng'oma uja, sankathamanga:
ankamenya ngati wokhoma mzati m'dothi louma,
kamodzi, n'kupuma,
kamodzi.
Ndipo kamtsikana koonda kamene kanandipezera mpando pofika paja
kanatsegula pakamwa
n'kutulutsa mkuwo wopanda liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinauzindikira mkuwowo.
Ndi uja ndinaumeza m'chipinda cha pamwamba
namwino atazimitsa makina
n'kundifunsa ngati ndingamwe khofi.
Ndinati zikomo.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikungoti zikomo.

Akuti dzina lake ndi silaji, ndiye kuti matope.
Sananame: thope la pansi pa ngalande
limene limakuvula nsapato mwaulemu, osafulumira.
Akutinso positi-meto, ndipo Lieselot amati
ndi chimene chimatsala chitsulo chikaleka liwiro.
Mayinawo ine ndilibe nawo ntchito.
Chimene ndidziwa n'chakuti makina aakulu ochapira
akafika pofinya komaliza
simenti yonse imavina pansi pa mapazi,
ndipo akaima,
bata lake limayera kuposa nsaluzo.

Zinathanso choncho.
Nsambo imodzi ija inabwerera yokha, yonyowa tsopano,
n'kuzilala.
Zii.
Palibe anathamangira kuomba m'manja.
Wandevu uja anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya,
ine ndinayang'ana kwina, kumusungira ulemu.

Panja mvula inali itasanduka nkhungu.
Ndinathandiza kunyamula sipika, msana n'kumadandaula.
Mwana wanga sanandifunse kuti mwaiona bwanji,
amadziwa kuti nkhuku yoweta sagula pamsika,
mayi wake amamuwerenga pankhope.
Anangondiikira chimbale m'dengu la njinga.
Yambani ndi ya kuseri, anatero, ndi yaifupi,
mphindi zisanu ndi zinayi basi.
Musatsuke mbale ikamalira. Musadumphe poyambapo.
Khalani pansi, isiyeni ikupezeni.

Lero ndi Lachitatu.
Mayi Depoorter a m'munsimu agogoda kale kawiri ndi tsache.
Ndatsitsa pang'ono, pang'ono pokha.
Timipira tachikasu tili m'mbale ya makiyi.
Mpopi ukudonthabe kukhitchini,
ndipo kwa nthawi yoyamba
ndikuwerenga nawo madonthowo,
kudikira pamene denga litsikire.