Kampata kumapeto kwa dzina

Sukulu yathu ya usiku ili pamwamba pa phiri la Barón.
Ofesi yanga ndi kachipinda ka pansi pa masitepe,
zenera lake limaonetsa doko la Valparaíso
munthu akaimirira pampando.
Ine sindiimirira. Ndili ndi kaundula.

Masamba asanu m'kompyuta: Malichi, Epulo, Meyi, Juni,
ndi lachisanu losonkhanitsa onsewo,
pomwe ndimatuma fomula monga mwana wopita kugolosale:
tenga dzina ili, upite nalo ku tsamba la Meyi,
utsike mzere woyamba mpaka ulipeze,
ukalipeza udumphe timabokosi kumanja, uime pa kachisanu ndi chiwiri,
undibweretsere chimene chakhala pamenepo.
Ndimatsekera ndi ziro kumapeto
kuti isakanditengere msuweni wa dzinalo.

Imapita, imabwera.
Eulalia Painemal, masiku khumi ndi asanu ndi anayi.
Gumercindo Tapia, makumi awiri, sanajombepo,
ngakhale tsiku lija chikepe cha phiri chinafa
iye nakwera masitepe onse ndi bondo lake lija.

Pa Nibaldo Cárcamo inabwera chimanjamanja.
#N/D. Palibe.
Malichi alipo, Epulo alipo, Juni alipo,
koma Meyi yense munthu wagwa ngati ndalama m'thumba lobooka,
ndipo lamulo likuti wosakwana masiku salemba mayeso.

Chonsecho ine Nibaldo ndinamuona Meyi.
Ankalowa mochedwa, akununkha dizilo ndi nsomba,
magolovesi a padoko akusuzumira m'thumba la kumbuyo,
nakhala pafupi ndi chitseko kuti asasokoneze anzake.
Anabwereka cholembera changa chobiriwira. Mpaka lero.

Ndinatsegula tsamba la Meyi. Dzina lili pompo,
zilembo zomwezo, ngakhale kachizindikiro ka pamwamba pa a kalipo.
Ndinalipenya mpaka maso kuwawa,
tiyi kuzizira, mlonda Hermógenes kugogoda kawiri
kufunsa ngati azimitse magetsi a m'khonde.
Kenako ndinaika kamzere kothwanima kaja kumapeto kwa dzinalo.
Sikanaime pa o. Kanaima patsogolo pang'ono.
Kampata kamodzi.
Chala cha mphunzitsi wotopa chinakhudza batani lalitali lija,
ndipo kanthu kosaoneka
kanameza mwezi wathunthu wa munthu.

Ndinakafufuta.
Masiku khumi ndi asanu ndi atatu anatulukira nthawi yomweyo
ngati anali atabisala kuseri kwa chitseko.
Ndinaseka ndekha m'kachipinda kopanda anthu.

Ndikanatseka pomwepo, ndikanagona bwino.
Koma m'munsi munali #N/D wina,
pa Yasna Quilodrán, tsamba la Juni.
Ndinasaka kampata, ndinasaka chilembo cholakwika,
ndinalakalaka cholakwa chikhale changa.
Dzinalo mulibemo.
Mphunzitsi sanalilembe, poti mwini wake sanabwerenso
chiyambireni mvula.
Foni yake imaitana, imaitana, kenako imatopa.

Mkulu wa sukulu akuti ndiiphimbe fomulayo ndi inzake,
ija imati ukasowa chinthu ungokhala chete,
bokosi lioneke loyera, a ku unduna asafunse zambiri.
Ndimaidziwa. Ndi mawu awiri ndi kadontho pakati,
mphindi imodzi siingathe.

Sindinailembe.
Ndasiya zilembozo zikuyabwa pakati pa manambala,
chifukwa bokosi loyera silidzutsa munthu usiku.
Yasna ankakhala mzere wachiwiri,
ankawerenga milomo ikuyenda,
ndipo anandiuza kuti akufuna satifiketi
mwana wake asanamupitirire kalasi.

Hermógenes wazimitsa magetsi.
Pansi apo sitima ikulira, ikutuluka padoko.
Adiresi yake ili pa tsamba la Malichi, bokosi lachinayi,
ndaikopera pa chikhatho ndi cholembera chobwereka.
Mawa ndi Loweruka.
Akuti kwawo minibasi imathera panjira,
kotsalako ndi masitepe.