Mbale Zikabwerera

Lachisanu, Okutobala.
Kutentha kwakhala pa malata a Kamuzu Road
ngati mwini ngongole wosafuna kuchoka.
Pa tebulo lachinayi, pansi pa fani wodandaula,
bambo wa makiyi a galimoto pachala
waitanitsa nthiti za nkhumba zowotcha,
mkazi wake ya mumphika, yothira anyezi ndi mango.
"Achimwene, vinyo wake ndi uti?"

Akufunsa ine,
Twaibu mwana wa Che Amidu,
mafuta onunkhira a ku Juma akadali pakolala,
ine amene nkhumba sinapondepo lilime langa,
vinyo sanandinyowetsepo mlomo.

Sukulu yanga ili kuseri, pa sinki.
Mbale zikabwerera sizinama.
Fupa loyamwidwa mpaka mbee,
tambula youma ngati Linthipe wa chaka cha chilala:
ukwati umenewo unayenda.
Koma mafuta akaundana m'mbali,
vinyo watsala theka, ntchentche ikuphunziramo kusambira,
ndimadziwa kuti ankhoswe talephera.
Ndimalemba zonse m'kope la sitandade faifi
limene mng'ono wanga anataya.

Zotsalazo amandibwereka lilime ndi Mai Nasibeko,
ophika athu, a kwaya ya ku Anglican.
Amanyambita kadontho pa supuni, n'kutsinzina.
"Woyerayu ndi bwemba wa m'mawa, amadzutsa.
Wofiira wopepukayu, nthudza zakupsa mumthunzi.
Wakudayo usamukhulupirire,
amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa."
Ine ndimangonunkhiza chitsekero,
n'kumasulira mawu awo m'Chichewa cha mphuno.

Ndiye ndikuti: Bwana, nyama yonona
imafuna mnzake wowawasa pang'ono,
wobwera ndi tsache kudzasesa lilime
kuti nthuli yachiwiri ifike ngati yoyamba.
Nthiti zadutsa mu utsi, zipatseni wofiira wopepuka,
tiyambe tamugoneka m'madzi ozizira.
Amayi, mango ali mumphikamo
agwirizana ndi woyera uyu, ndi apachibale.

Chala cha bambo chatsetsereka pa pepala
mpaka pansi, pomwe ziro achulukana.
"Ndipatse uyu."
Ameneyo ndi wa ng'ombe, bwana,
pa nkhumba amalongolola ngati mlamu woledzera pa chinkhoswe,
nyama simuimva ikamayankhula.
"Ndati uyu."
Manijala ali pa kauntala wakhosomola.
Ndatsekula.

Mayi aja andiyang'ana nsapato, kenako maso.
"Nanga inuyo mumakonda uti?"
Wanga ndi tiyi wa mandimu, amayi,
shuga masupuni atatu.
Aseka mpaka ndolo kugwedezeka.
"Ndithirireni wa bwembayo, tambula imodzi."

Magetsi athima, jenereta yatsokomola n'kudzuka.
Kunja a kabaza akukanganirana munthu mmodzi
wotsika minibasi ya ku Lilongwe.
Ine ndanyamula thireyi, ndapukuta matebulo,
khutu limodzi ndalisiya pa lachinayi.
Mafoloko okha, gwe, gwe,
kenako kunong'ona,
kenako mayi aja akweza chala: inanso.

Cha m'ma naini mbale zabwerera.
Botolo lodula lija latsika zala zitatu zokha,
lapita ku galimoto atalikulunga m'nyuzipepala.
Nthiti zatha, mphika wapukutidwa ndi buledi.
Ndakweza tambula ya mayi ku getsi:
mbali ino chidindo chofiira cha milomo,
mbali inayo chala chamafuta, chachikulu,
ndi kachidutswa ka tsabola wa pa nthiti.

Mai Nasibeko aona, sananene kanthu,
angoyamba kanyimbo ka pa Pasaka mwa m'mphuno.

Ndalemba m'kope, mzere umodzi:
woyera amathanso nthiti,
koma adutsire m'dzanja la mkazi.

Ndasamba m'manja mpaka m'zigongono,
sopo kawiri, madzi katatu.
Kunyumba amayi andisungira mpunga wa kilombero ndi nyemba.
Adzandinunkhiza malaya pakhomo, monga mwa masiku onse,
n'kufunsa ngati alendo anakhuta.