Botolo Limene Sindinatsegule

Anafika naye wani koloko usiku
atamukulunga m'juzi ya bambo ake,
juzi yonunkha bokosi, yonunkha chisanu cha chaka chatha.
Fungolo linalowa m'wodi mwanayo asanalowe.

Bachisio, zaka ziwiri ndi theka.
Lolemba mayi ake ankatulutsa zovala za nyengo yozizira,
kambulu koyera kopirikitsa njenjete kanagubudukira kunsi kwa bedi,
iye n'kuyesa switi.
Lero Lachitatu milomo yada ngati khungu la mphesa,
maso achita chikasu,
thewera lanyowa ndi mkodzo wonga khofi wotsalira m'kapu.

Magazi analowa m'sirinji ali bulawuni ngati chokoleti.
Mtundu umenewu ndimaudziwa. Mankhwala akenso ndimawadziwa:
kabotolo ka buluu, shelefu yachiwiri,
kamene kamabwezera kufiira pamilomo ola lisanathe.
Dzanja langa linali litafika kale.

Ndiye Gavina, osandiyang'ana n'komwe,
akupukuta mwana wake thukuta, anangoti:
"Kwathu ana aamuna sadya nyemba za fava.
Mlongo wanga anadyapo kamodzi, pa Pasaka.
Anagona muno milungu iwiri."

Ndinabweza dzanja.

Alipo magazi obadwa opanda mlonda,
enzaimu imodzi yokha yoperewera,
mphatso imene mayi amapatsira mwana wamwamuna osadziwa.
Kuno ku Nuoro si nkhani yachilendo,
koma usiku munthu amaiwala ndi zapakhomo pomwe.
M'magazi otere buluu sachiza.
Amaswa maselo ofiira amene atsalako
monga matalala m'munda wa mphesa sabata yokolola.

Tinadzera njira yaitali.
Okosijeni. Diripi yoteteza impso.
Vitamini C, woyenda ngati bulu pachitunda.
Kenako thumba la magazi a munthu amene sitidzamudziwa,
Tonina namwino akuwerenga madontho ndi milomo yokha.
Kuthamanga sikufika, ndinkadziuza,
wotchi yapakhoma ikundiseka.

Pepala la ku labu linabwera kutacha
kudzandiuza zimene Gavina anali atanena kale.

Lachisanu mkodzo unasanduka tiyi wopyapyala.
Loweruka mwanayo anakankha chigoba cha okosijeni
n'kulirira buledi, mokwiya, ngati tinamubera.
Bambo ake anatuluka panja kukalira okha,
juzi ija ataiponya m'bini ya pakhomo la chipatala.

Pa khadi lake ndinalemba zilembo zikuluzikulu,
n'kudula mizere iwiri kunsi.
Kabotolo kakadali pa shelefu, chidindo chake chosadulidwa.
Ndikamadutsa ndimakayang'ana,
ndipo dzanja langa lamanja limalowa lokha m'thumba.