Tsiku la Makumi Asanu ndi Anayi

Ku Coimbatore mvula isanagwe
mpweya umamata pakhosi ngati thaulo lonyowa.
Thenmozhi avala magolovesi,
atsegula bokosi lotentha la m'labotale:
madigiri makumi anayi, chinyezi chothina,
ndende imene iye mwini anatsekeramo tizilombo take.

Timabotolo tiwiri.
M'kamodzi muli mabakiteriya amaliseche,
ufa woumitsidwa m'chisanu, ali m'tulo tosapuma.
M'kenako muli abale awo
ovekedwa chikhoto cha ndere za m'nyanja,
timikanda tochepa kuposa njere ya mpiru.
Tsiku loyamba anawawerenga ndithu,
mabiliyoni khumi pa galamu, onse amoyo.

Dzana anasungunula ufawo, nauwaza pa mbale zagalasi.
Lero wabwera kudzawerenga otsala.
Amaliseche aja: timadontho tisanu ndi tiwiri.
Awerenganso, kapena diso lanama.
Tisanu ndi tiwiri basi.
Ovekedwa aja adzaza mbale yawo mbuu,
mpaka cholembera chatopa kuwadinda.

Sichinawaphe chinthu chachikulu.
Kachinyezi kanalowa, kanawadzutsa nthawi isanakwane,
anadzukira m'botolo mopanda chakudya,
ndipo mpweya womwewu, umene ife timaulirira pobadwa,
unawadya pang'onopang'ono ngati dzimbiri.
Achikhotowo, ngakhale atagwera m'asidi wa m'mimba,
ambiri akafika kumatumbo ali moyo.
Koma chikhoto nachonso chili ndi malire ake.

Alemba m'kope: m'firiji, chaka ndi theka.
Pa shelefu, miyezi isanu, mwina.
Padzuwa, musandifunse.

Madzulo basi yam'tula kwawo.
Bambo ake, a Subbaiyan, kondakitala wopuma pantchito,
akuphika tiyi wa mkaka.
Pamwamba penipeni pa mbaula, pomwe nthunzi imathera,
pali kabotolo ka makapisozi kamene iye anawagulira mu Janyuwale,
chotsekera chili pambali,
kathumba koyamwa chinyezi anakataya kalekale,
ati ankayesa chinyalala.

"Mankhwala ako aja, mwanawe,
andikonza m'mimba zedi,"
atero uku akusisita pamchombo.

Thenmozhi ayang'ana kamanda kakang'onoko.
Adziwa chiwerengero chake ngakhale osawaza pa mbale.
Sanena kanthu.
Atseka kabotolo, akaika m'firiji
pakati pa chambiko ndi tsabola wobiriwira.

Mawa adutsira ku famase,
agula kena kofanana nako,
asinthe iwo akugona masana.