Mpweya wa M'fiyeta

Timaboola pang'ono chabe,
timabowo tinayi, kamodzi pamchombo penipeni,
kenako timapopera mpweya
mpaka mimba itakungika ngati ng'oma.
Kamera ilowa. Tonse maso pa sikirini:
chiwindi icho, chonyezimira,
ndulu ili kunsi kwake, yodzaza timiyala.

Kale ndinkakonda kaphokoso kaja,
fyuuu, ntchito ikatha,
Dokotala Mazhindu akamasula kapaipi,
mimba n'kuphwa, ife n'kuyamba za mitengo ya tomato ku Mbare.
Mpweyawo unkatiomba kumaso
tili kuseka.

Lero palibe waseka.
Pepala la mayi wa ku Mufakoseyu labwera ndi chidindo chofiira.
Kachilombo kali m'thupi mwake.
Mwina kalinso mu utsi ukufukawu
pamene chitsulo chamoto chikupsereza mtsempha,
mwina mulibe.
Wodziwa zoona sali m'chipinda muno,
choncho tikuchita ngati kalimo.

Tinkakhala asanu ndi anayi, lero tili asanu.
Ophunzira tawabweza.
Shingirai, wa chifuwa cha mphumu uja,
waima kuseri kwa galasi la chitseko,
akutipatsira zida ngati wogulitsa pa kazenera ka golosale.

Masiki yandiluma pamphuno chiyambire m'mawa.
Thukuta likutsika ndi msana
ndipo sindingadzikande.
Sefa ndinakatenga ndekha kustolo,
ndinasayina kawiri, zatsala zitatu,
ndailumikiza pakati pa paipi ndi makina oyamwa,
ndamata polumikizira, ndamatanso,
monga ankachitira bambo anga ndi chubu cha njinga.

"Tsitsani mphamvu ya mpweya," atero dokotala.
Ndatsitsa.
"Pali pamene pakutuluka?"
Titchera khutu tonse asanu.
Zii.
Makina okha, ndi mtima wa mayiyu ukuwerenga pawokha.

Magetsi aphethira kamodzi.
Jenereta yatsokomola panja, yagwira.

Ndulu yadulidwa, ili m'kathumba,
koma siituluka msanga.
Uyambe watuluka mpweya, wonse,
kudzera m'sefa, pang'onopang'ono,
dzanja langa lili pamimba, kuimva ikubwerera mwakale.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Kaphokoso kaja sitinakamve.

Tasoka. Tadikira kuti chipinda chipume.
Kuvula nakonso ndi opaleshoni:
magolovesi choyamba, kusamba m'manja,
chovala kuchipinda chakunja chilowe m'kati,
kusambanso,
masiki pomalizira, kunja kwa chitseko.
Shingirai akundiyang'ana ngati mphunzitsi wa masamu.

Madzulo m'kombi ya ku Dzivarasekwa
ndalimbirana mpando wa pazenera.
Majakaranda athothoka msewu wonse.
Mnyamata wapambali panga akufunsa
za mzere wofiira uli pamphuno pangawu.
Ndati magalasi.

Pakhomo Tamandani wandiona, akuthamanga, manja m'mwamba.
Ima pomwepo, mwanangu.
Ima.
Unditengere sopo, umuike pamwala
pafupi ndi mpopi.