Sanathyole Loko

Folo koloko m'bandakucha pa doko la Gdańsk,
chipale chofewa chikukuta makontena mwakachetechete.
Wiesława ali yekha m'chipinda cha maseva,
khofi wake anazizira kalekale.
Akupenda kaundula wa makina mzere ndi mzere
ngati wofufuza nsabwe m'msoko wa malaya.

Alamu sinalire. Ikanalira bwanji?
Mlendoyo sanabwere ndi chida chake.
Anangotola zathu zomwe:
chija timakonzera makompyuta tili kutali,
chija timakopera mafayilo Lachisanu lililonse,
ndipo mlonda wa pa netiweki, poona yunifomu ya kampani,
anamuchitira sawatcha.

Analowera pati?
Pali kapulogalamu kena kogwira ntchito kuseri,
kopanda nkhope, kosaonekera pa sikirini,
kongoyang'anira pulinta ya pa chipata chachitatu.
Bogumił anakaika zaka zinayi zapitazo
n'kukapatsa makiyi a nyumba yonse,
poti tsikulo pulinta inkavuta, malole ali pamzere,
madalaivala akuliza mahutala.
"Ndikonza Lolemba," anatero.
Lolembalo anapita kukazulitsa dzino.
Kenako anapuma pa ntchito, pano akuweta njuchi ku Kartuzy.
Pasiwedi ikadali dzina la galu wake,
galu amene anafa chaka chatha.

Miyezi isanu munthu wakhala akuyenda m'makonde athu
atavala nsapato zathu.
Sanaswe kanthu, sanasiye matope.
Ankayamba ntchito nthawi imene ife timayamba,
tikapita kukadya masana, nayenso ankapumira.
Mndandanda wa katundu wa m'zombo unkatuluka
dontho, dontho, ngati mpope wakutha labala.

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Ichi chinaimba, m'kaundula momwemu, tsiku ndi tsiku,
kungoti ng'omayo inali yathu yomwe,
ndiye palibe anacheuka.

Wiesława watseka khomo lija, chala chikunjenjemera.
Tsopano akuwerenga antchito ena a kuseriwo,
osagona, osalandira malipiro, osafunsidwa kanthu:
makumi asanu ndi limodzi, kudza atatu.
Theka la iwo sakuwadziwa n'komwe.
Anawalemba ntchito ndani?
Makiyi ali m'matumba mwawo ndi a zitseko ziti?

Kunja kireni yanyamula kontena yoyamba ya lero.
Foni ya pa desiki yalira. Ndi Zdzisław wa pa chipata:
pulinta yangoti zii, malole afika mpaka kumsewu,
madalaivala ayamba kutukwana.
"Tatsegulani kaye, mayi," akutero,
"mpaka Lolemba lokha basi."